Chubu Chakuda Chija

Kwathu ku Mitundu chubu cha njinga sichitayidwa. Timachidula timizere n'kumangira chilichonse: katundu pa kaliyala, mpini wong'aluka, paipi yodontha. Ine ndinkamangira ngakhale mawaya a magetsi m'nyumba za anthu. Sukulu ya zamagetsi sindinaipondeko, koma pakamwa ndiye ndinali katswiri. "Magetsi sadutsa mu mphira," ndinkatero, "za tepi n'zachibwana."

Makoswe atatafuna waya wa firiji yathu, ndinalumikiza n'kukulunga ndi chubu. Tsiku lina m'mawa mayi a kunyumba akukolopa, opanda nsapato, ananyamula wayayo pomwe ndinamanga paja. Kukuwa kwawo sindidzakuiwala. Ndinathamanga kukazimitsa magetsi, n'kuwapeza ali kwala pansi, zala zitapsa.

Atatsitsimuka kuchipatala ku Nkhoma, chitsiru ine ndinawakalipira: "Inunso, kugwira waya ndi manja onyowa?"

Mawa lake kunyumba kunabwera alamu anga, achimwene awo a mayiwa, omwe amaphunzitsa sayansi ku Nathenje. Anamasula chubu chija, natulutsa kachida koyezera ngati chinthu chimadutsitsa magetsi, n'kugunditsa timawaya take pachubupo. Manambala anayamba kuyenda.

"Kachida kanuka n'kakufa, alamu," ndinatero.

Anayesa pa tepi, zii. Anabwerera pa chubu, manambala aja nawo. Atachikoka kuti chitanuke, manambala anasinthanso.

"Mukuganiza kudaku kumachokera kuti?" anandifunsa. "Pochipanga amasakanizamo mwaye wosalala kuposa ufa woyera, kuti chilimbe. Timibulu take sitioneka ndi maso, koma tikachuluka timakhudzana, magetsi n'kupeza njira. Pali mphira wotchinga magetsi, pali wowadutsitsa, ndipo pongoyang'ana simungasiyanitse."

Ndiye kuti amene anatsala pang'ono kupha mayi a ana anga ndine, osati manja onyowa.

Ndinabwerera ku Nkhoma kukapepesa. Ndisanafike patali ndi kupepesako, mayiwo anandidula mawu.

"Bambo, nyumba zingati mwamangamo zimenezi?"

Ndinawerenga pa zala: kwa ometa tsitsi, kutchalitchi, kwa amayi anga ondibereka. Zala zinatha nyumba zikadalipo.

"Ndiye mwakhaliranji pano? Kupepesa mudzapepesa mawa. Pitani mukamasule, musanaphe mwana wa eni."

Anandilozera khomo ndi dzanja la bandeji lija, lomwe zala zake ziwiri mpaka lero sizipindika.