Bafa Limodzi la ku Likoma

Ine mawu anga ndi aakulu, ndipo sindipepesa. Ndikaitana ng'ombe zanga kudambo, za eni ake nazonso zimabwera. Ndiye tsiku limene mwana wanga wamkazi, uja ndi namwino kutauni, anaimba foni kuti iye ndi mwamuna wake akufuna kutitengera ku Likoma ine ndi mayi ake kuti tikapume, nkhaniyo sinagone m'nyumba. Dzuwa lisanapendeke pa Nsaru ponse anali atamva. Ndinauza anzanga a pabawo, ndinauza wogulitsa feteleza, ndinauza ndi kondakitala wa minibasi amene sanandifunse n'komwe. Lamulungu lake, titatuluka m'tchalitchi, ndinawachenjeza akulu a mpingo anzanga kuti mphepo ya mwera ikangoleka asandiike pa ntchito ina iliyonse, ndidzakhala ndili pakati pa nyanja.

"Kukatani?" anafunsa mnzanga wina wa pabawo, amene ulendo wake wautali ndi wokagulitsa fodya kuokushoni basi.

"Kukakhala," ndinatero.

"Kukhala chabe? Kodi kwanu kulibe mpando?"

Ndinamudyera nkhomo zake zonse kuti aphunzire kufunsa.

Koma chinalipo chimene pabawo sindinanene. Mwana uja pafoni ananenetsa kuti ulendowu ndi wa mayi ake, amene anathyoka msana ndi mtedza kuti iye aphunzire. Ine ndinali woperekeza. Akakana iwo, ulendo palibe, ndipo ine pa Nsaru ndikanayenda bwanji?

Mwana uja ndi mwamuna wake anabwera Lachisanu lina pagalimoto, fodya titagulitsa, chimanga chili m'nkhokwe, kuti tidzasankhe malo okagona. Mkamwini wanga ndi munthu wabwino, ndinene zoona. Makolo ake ndi a ku Mpingu koma iye anakulira m'tauni, manja ake ndi ofewa ngati a mwana wakhanda, ndipo amavala magalasi. Tinakhala pakhonde, ine pampando, iye pampando, mwana wanga pamphasa. Akazi anga anakhala kuseri kwa ngodya ya nyumba ndi lichero la mtedza, akuswa. Ndi mmene amakhalira mkamwini akabwera. Chikwatirire mwana wathu sanamuyang'anepo m'maso, sanadyepo iye akuona. Moni amapatsana chapatali, wina atagwada uku, wina atanyonyomala uko, aliyense akuyang'ana nyerere zake. A m'tauni amaseka, koma kwathu kuno umenewo ndiye ulemu wa pachipongozi. Paja n'chifukwa chake tinawamangira kanyumba kawo kutsidya kwa bwalo, kogona akabwera.

Mkamwini anatulutsa foni n'kuyamba kukhwekhweretsa chala pagalasi.

Malo oyamba anali pafupi ndi msika wa pachilumbapo. Nyumba yayitali ya malata, khoma lopaka penti wobiriwira, pansi pa simenti yofiira. Ine ndinati basi, tapeza.

"Ababa, anthu amene anagonapo analemba kuti kuseri kwake kuli bala, nyimbo mpaka mbandakucha," anatero mwana wanga.

"Analemba ndani?"

"Alendo."

"Munthu wagona m'nyumba ya mwini, wasamba madzi ake, kenako n'kupita kukamulemba zoipa dziko lonse liwerenge. Ameneyo ndi mlendo kapena kazitape?"

Komabe mkulu wa mpingo kugona kuseri kwa bala, nkhani imeneyo ikanafika ku Nsaru ine ndisanafike. Tinawasiya malowo.

Achiwiri anali timanyumba ta udzu tomwazikana m'miyala, pakati pa milambe, kalikonse pakepake. Bafa lake linali panja, lotchinga ndi bango, kumwamba kuli pululu. Mkamwini anati azungu amalimbirana malo amenewa.

Apa ndiye ndinaimirira. Ine amene ndinali woyamba kukhoma malata m'mudzi muno, anthu n'kumachokera ku Kabudula kudzaona mmene akuwalira, ndiwoloke nyanja yonse ija kukagona m'chigafa cha fodya? Udzu ndinaumweta, ndinausenza, unandidonthera pamphuno ndili mnyamata. Bafa la bango ndili nalo kuseri uku, ndipo mbuzi zikulidya. Ndinawauza kuti azungu ngati akufuna udzu abwere kuno, ndiwagoneka m'khola ulere.

"Pepani Bambo, ndimangokuonetsani," anatero mkamwini akumwetulira. "Amene ndawakonda ine ndi awa."

Inali nyumba yeniyeni. Ya njerwa zootcha, malata atsopano, pabalaza pali mipando ya khushoni, kukhitchini kuli firiji. Zipinda zogona ziwiri zoyang'anizana, pakati pake chitseko china, cha bafa ndi chimbudzi cha madzi.

"Tikakhala tonse pamodzi, denga limodzi, ngati banja limodzi," anatero.

Ndinamugwira chanza. Ndinati uyu ndiye mwana wophunzira.

Mwana wanga anatenga foni kupita nayo kuseri kwa ngodya kuti mayi ake aone. Kuswa mtedza kunaleka. Ndinamva akuti, "Tabwezanso chithunzi chija." Kenako mtedza unayambanso kulira.

"Mukayende bwino," anatero akazi anga. "Ine ndisunga pakhomo."

Mwana anafunsa chifukwa. Mayi ake anati mbuzi zitsala ndi ndani. Tinati mng'ono wawo alipo. Anati mwendo ukuwawa. Mwana anati ndine namwino, tauonetseni. Anati madzi amawaopa, iwo amene amawoloka Bua atadzaza, mtolo wa nkhuni uli pamutu. Mwana wanga misozi inalengeza. Mkamwini anayang'ana foni yake ngati yamulakwira. Anati mwini nyumba ija akufuna yankho mawa lisanathe, pali enanso akuifuna.

Ine ndinalankhula kwambiri madzulo amenewo, ndipo palibe chinasintha.

M'mawa mwake ndinawatsatira kudimba, kumene amathirira mpiru ndi tomato. Ndinayamba ndili patali, kuwakumbutsa kuti mudzi wonse ukudziwa, kuti abusa anatipempherera kale za ulendo.

"Tsitsani mawu, Bambo, ku Nambuma amva," anatero osatembenuka. Anamiza kheni m'chitsime, n'kuitulutsa, n'kuiika pansi. "Kodi inu pachithunzi paja munaona chiyani?"

"Malata. Firiji."

"Bafa munaliona pamene lili?"

"M'nyumba. Ndiye chitukukotu chimenecho."

"Chitseko chake chayang'ana kuti?"

Ndinayesa kukumbukira chithunzi chija, koma m'mutu munkangobwera malata.

"Ndituluke m'bafa, chitenje chili pachifuwa, mutu uli nyowe, ndikumane maso ndi maso ndi apongozi atanyamula sopo wawo? Ndilowe kuchimbudzi iwo ali pabalaza akumva madzi akukhuthuka, n'kumadziwa kuti ndi ine? Ndipo khoma limodzi lokha pakati pa ife ndi chipinda cha mwana wathu ndi mwamuna wake. Inu mwakalamba nazo zimenezi, mpaka ndichite kukuuzani ine?"

Kunena zoona, ine ndikanaziona ndekha, kungoti chithunzi chinali chaching'ono ndipo dzuwa limathwanima pagalasi.

"Ndiye tingowauza," ndinatero.

"Mukatsegula pakamwa panupo, sindidzapita ngakhale ku Nsaru. Mwana wa eni wasankha ndi mtima wabwino, mukufuna mumuchititse manyazi? Ndi inenso mundivule pamaso pake?"

"Nanga nditani?"

Ananyamula kheni. "Timanyumba ta udzu tija tinali patalipatali," anatero, n'kupita kukathirira tomato.

Ndinabwerera kumudzi pang'onopang'ono. Munthu amene dzulo lake watukwana udzu mudzi wonse ukumva, aubwerera bwanji? Koma ine ndaweruzapo milandu ya malire a minda, sindisowa polowera.

Titamwa tiyi ndinawaitanitsa pakhonde. Aliyense anakhala pamalo pake pa dzulo, lichero kuseri kwa ngodya.

"Ndagona ndikuganiza," ndinatero. "Tikagona m'timanyumba ta udzu tija."

"M'chigafa muja, Ababa?" anafunsa mwana wanga. Mwana ameneyu pakamwa anatengera mayi ake.

"Fodya wabwino amauma m'chigafa. Wa pamtetete ndi wa anthu aulesi."

"Koma dzulo munati..."

"Dzulo ndi dzulo. Taonani apongozi, ine m'mawa ndimayamba ndi nyimbo ya m'buku, mavesi onse. Mawu angawa m'nyumba imodzi simungagone."

"Palibe vuto, Bambo," anatero mkamwini mwaulemu. "Tizidzaimba nanu. Ine ndinali wa kwaya kusukulu."

Ndinamuyang'ana. Mwana wabwino amatopetsa nthawi zina.

"Ndimalizanso mkonono."

"Bambo anga amaliza woposa, ndinazolowera."

"Malata nyengo yotentha amaotcha."

"Muli fani, Bambo, chipinda chilichonse."

Kuseri kwa ngodya mtedza unkasweka mwamphamvu, ngati wina akuulanga. Ndinaona kuti ndikapitiriza chonchi mnyamatayu andigonjetsa ndi ulemu wake womwewo. Ndinati andiimbire mwini wake wa timanyumba tija, ndilankhule naye ndekha, akuluakulu okhaokha. Anaimba, anadina penapake, n'kundipatsa. Ine sindinadziwe kuti wadina poti mawu azituluka mokweza. Ndinanyamuka kupita kuseri kwa nkhokwe kuti ndikanong'one.

Akazi anga amati kunong'ona kwanga kumadzutsa agalu a mudzi wina. Ine sindikhulupirira, koma ndi zimene amanena.

Anayankha mayi wina wa mawu ansangala, Chinyanja chake chopendekera kwawo kunyanja. Ndinamupatsa moni, ndinafunsa za mvula ya chaka chatha, kenako ndinalowa m'nkhani.

"Timanyumba tanuto, kodi munthu akatuluka kubafa la kamodzi, wa kanyumba kenako amamuona?"

"Ayi agogo, tatalikirana."

"Nanga njira yopita kuchimbudzi, imadutsa pakhomo pa mnzako?"

"Kalikonse kali ndi chake."

"Nanga munthu atafuna kudya yekha, osaonedwa ndi munthu wina wake, amene sindimutchula?"

Mayi uja anaseka, ndipo kuseka kwakeko kunamveka bwalo lonse.

"Agogo, mukubwera ndi apongozi eti? Musavutike, si inu oyamba. Kalipo kena kuseri kwa thanthwe lalikulu, njira yake ndi yakeyake, ndi potsikira kumadzi pakepake. Amayiwo tidzawaika kumeneko, chakudya tizidzawapititsira pakhonde. Mkamwiniyo tidzamuponya kumapeto kwenikweni, kufupi ndi kumene timamanga mabwato."

Ndinasuzumira kuchokera kuseri kwa nkhokwe. Mwana wanga anali atagwira pakamwa ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Mkamwini anavula magalasi, anawapukuta, anawavala, anawavulanso. Kenako ananyamuka kupita kukayendera matayala a galimoto yake, limodzi ndi limodzi, kuwagogoda ndi nsapato ngati akugula ng'ombe.

Kuseri kwa ngodya mtedza sunkaliranso. Ndinati basi, ulendo wathera pankhokwe, ndipo mayi awa sandilankhula mpaka mvula.

Foni inali ikulankhulabe m'dzanja langa. "Halo agogo, mulipo? Ndisunge tiwiri?"

Tambala anadutsa pabwalo.

Kenako mawu anatuluka kuseri kwa ngodya, otsika, olankhula kwa mwana wawo.

"Iwe, tawafunsa mayiwo. Kumeneko ndimamva kuti amadya nsima ya chinangwa. Ngati ndi choncho anene, ndikonole chimanga ndinyamule ufa wanga."

Mwana wanga anandilanda foni akuseka ndi misozi yomwe. Mayi wa ku Likoma anati ufa woyera uliko, koma ngati agogo aakazi akhulupirira wa m'munda mwawo, abwere nawo, adzawaphikira womwewo.

Mkamwini atamaliza matayala ake anabwera pang'onopang'ono. Sanafike pakhonde. Ananyonyomala pakati pa bwalo, anaomba m'manja mofatsa, n'kulankhula akuyang'ana khoma la nyumba.

"Amayi, mundikhululukire. Tauni inandilera molakwika."

Akazi anga anayankha kudzera kwa mwana, monga mwa nthawi zonse. "Uwauze kuti sanalakwe kanthu. Nyumba ija inali yokongola. Firiji yake ndinaiona."

"Ndipo amene anaganiza za udzu ndi ine," ndinawakumbutsa, poopa kuti zingaiwalike.

"Ndi inu, Bambo," anatero onse atatu, ndipo sindinakonde mmene anayankhira mofulumira.

Tinapita mwera utaleka. Galimoto mpaka ku Nkhata Bay, kenako sitima ya pamadzi, mmene akazi anga anakhala tsonga ulendo wonse atakumbatira thumba la ufa, pamene ine ndinagona chafufumimba pabenchi chifukwa cha nsomba ina imene ndinadya padoko. Kanyumba kathu kanalidi kuseri kwa thanthwe lalikulu ngati tchalitchi. Ka ana kanali kutali moti ndikafuna mkamwini ndinkachita kumuitana ndi mawu anga onse, ndipo ankabwera iye pamodzi ndi anyamata awiri ogwira ntchito pamalopo.

Mkamwini anadzipezera khalidwe lake. Akamabwera kwathu ankayamba kuimba mluzu ali kutali, n'kuima pamlambe wina, kudikira mpaka ine nditati fikani. Kusambira ankakasambira kumabwato kuja, ngakhale kunali miyala yoterera.

Tsiku loyamba akazi anga anangoviika mapazi. Lachiwiri analowa mpaka m'mawondo, atagwira dzanja la mwana wawo. Kuyambira pamenepo, kukangocha, ankamanga chitenje pachifuwa n'kutsetsereka okha kuseri kwa thanthwe lawo, kukakhala m'madzi mpaka m'khosi, tinsomba tamawangamawanga tikuwajompha zala. Ndinkawamva akuseka okha. Ndikawafunsa chimene akuseka ankati, "Inu khalani pamthunzi, Bambo, musamalire mawu anuwo."

Tsiku lobwerera katundu anali atakwera kale m'bwato lotipititsa kusitima, ana akudikira pamchenga, mkamwini atatembenukira kuphiri mwaulemu. Sitima inalira kachiwiri. Ndinachita kuvula nsapato, kupinda buluku, ndi kulowa m'madzi ndekha kukawatulutsa akazi anga.