Madontho Atatu a Dzina la Selina

Selina Chiŵaya anaphunzitsa Chichewa zaka khumi ndi chimodzi ku pulayimale ina ya ku Ntcheu asanapite ku Dubai kukalera ana a eni. Anali mphunzitsi uja wochotsera mwana malikisi akaiwala kachizindikiro ka mu ng'oma, amvekere: "Walemba ngoma, nyama yam'tchire. Uiimba bwanji?" Dzina lake ankalilemba ndi w wovala chipewa, ngakhale akuluakulu a malamulo a kalembedwe anamuvula chipewacho kalekale. Masatifiketi ake ankagona m'sutikesi ku Oud Metha, dera la Dubai kumene ankagwira ntchito. Mabwana ake anangomufunsa ngati amatha kusintha matewera.

Korona atafika mu 2020, mzinda unatsekedwa. Wofuna buledi ankayamba wapempha chilolezo pa intaneti, n'kufotokoza chimene akufunira bulediyo. Masiku amenewo pa gulu la WhatsApp la Amalawi panagwa uthenga wa a Dokotala Everlyn a ku yunivesite ina kumudzi. Ankasonkhanitsa mawu ndi kalembedwe ka ziyankhulo za m'Malawi kuti aike pa tsamba la intaneti, ndipo poti kumidzi kunali kosayendeka, ankafuna owathandiza pa foni. Anati osankhidwa adzatchedwa akatswiri, ndipo mayina awo adzalembedwa patsambalo.

Selina anatumiza masatifiketi onse asanu ndi kalata ya ndime zinayi. Yankho linabwera laulemu wosefukira: Chichewa chili kale ndi mabuku okwanira, komabe komiti yayamikira chidwi chawo.

Wosankhidwa anali Mwanajuma wa ku Mangochi, wokolopa m'nyumba yoyang'anizana ndi ya mabwana a Selina, amene sukulu anailekeza sitandade folo. Iye anangojambula kope lake lakale, momwe ankalembamo Chiyao m'zilembo za Chiarabu zimene anaphunzira ku madrasa: mankhwala a chifuwa, mayina a nyemba, nyimbo za ukwati. Atatumiza zithunzizo, a Dokotala anamuimbira foni tsiku lomwelo.

Awiriwo anakumana potayira zinyalala, malo okhawo osafuna chilolezo, aliyense ndi masiki ake.

"Aphunzitsi, akuti ndine katswiri," anatero Mwanajuma. "Katswiri amatani?"

"Amakolopa," anayankha Selina.

"Akuti nditaipe kope lonse, koma zilembo zina m'foni mulibe. Chiarabu chilibe p, chilibe ch, chilibe ng'. Ife timawonjezera timadontho titatu. Ndithandizeni, inu zamakompyutazi mumazidziwa."

Selina anati aganizira. Anaganizira masiku anayi, mtima uli ngati wa mkazi wamkulu tsiku lofika wamng'ono. Anavomera kumuthandiza, cholinga choti a Dokotala adzaone okha amene ali ndi mutu.

Masana ana a bwana akagona, ankatenga tabuleti yawo yophunzirira n'kutsegula tsamba losunga zilembo za dziko lonse lapansi, Mwanajuma akumutumizira zithunzi za m'kope. Selina sankatha kuwerenga ngakhale liwu limodzi. Ankangofananitsa maonekedwe ngati wosankha zitenje pamsika. Za p ndi ch anazipeza kwa anthu a ku Irani. Cha ng' chinamusowetsa mtendere sabata yathunthu, mpaka anachipeza kwa anthu a ku Malaysia, chitasenza madontho ake atatu pamutu. Kenako anamuikira Mwanajuma kiyibodi yake m'foni.

Tsiku lina, poyang'ana zimene Mwanajuma anataipa, anaona kuti chilembo chija cha ku Malaysia chasanduka cha dontho limodzi tsamba lonse. Anazindikira matendawo: ngoma m'malo mwa ng'oma, kungoti m'zilembo za eni. Akanangokhala chete, a Dokotala akanauona bwino ukatswiri wa katswiri wawo. Anakhaladi chete, anasambitsa ana, anawadyetsa, akumwetulira yekha. Koma cholembera chofiira cha zaka khumi ndi chimodzi sichituluka m'magazi. Analemba uthenga: "Madontho awiri mwadya."

"Shukran, aphunzitsi," anathokoza Mwanajuma m'Chiarabu.

"Khalas, basi zatha," anayankha Selina.

Tsambalo litatuluka, pamwamba panali chithunzi cha Mwanajuma atavala mpango wake wa pa Idi, pansi pake mawu oti katswiri. Selina anafufuza dzina lake kuyambira pamwamba mpaka pansi, kawiri. Panalibe. Mawa lake anadikirira potayira zinyalala, thumba lopanda kanthu m'manja.

"Zikomo kwambiri, achemwali. Ndaona kuti ntchito munagwira nokha."

"Mulimo inu," anatero Mwanajuma akutulutsa foni. "Ndinawauza a Dokotala kuti popanda aphunzitsi kope langa libwerere. Iwo anati fomu yawo ikukana w wanuyo, ikumangolemba kabokosi, ndipo komiti yokonza fomu sikumana mpaka mliri utatha. Ndiye ndinakulembani mwathumu." Anayendetsa chala kuchokera kumanja kupita kumanzere. "Apa. Selina Chiŵaya, mphunzitsi."

Selina anayang'anitsitsa. Pa mzere wonsewo anazindikirapo chimodzi, ch uja anamupeza yekha ku Irani. Anawerenga madontho. Analipo atatu.

"Nanga chipewa chili kuti?"

"Kwathu timavala mpango, aphunzitsi."

Selina sanaseke. Anangoti amutumizire chithunzi cha tsambalo, koma azungulize dzinalo ndi mzere wofiira, kuopa kuti ku Ntcheu angaloze la Mwanajuma.