Mapazi a Feliya Atatupa

Ndinachoka pafamu ya fodya ku Centenary chaka cha chilala chija tinkadya nsima yachikasu, ija kuno amati sadza, mwana wanga Feliya ali ndi miyezi itatu. Sukulu ndinalekeza Fomu 2, ndipo kumene ndinkalowera ndinkakuona bwinobwino. Agogo anachoka ku Dedza kudzathyola fodya wa mzungu, bambo anathyola fodya yemweyo mpaka chifuwa chinawatenga, wotsatira ndinali ine. Nditamuuza mkazi wanga Rozina kuti ndikupita ku Harare, sanalire. Amene anayankhula ndi amake, mayi wa ku Tete wosabisa mawu.

"Apongozi, mwanayu sitinamutenge. Mukakagona ndi mkazi wina kumeneko, mudzamupeza kumanda."

Kwathu khanda limakhala losakhwima mpaka makolo ake atachita mwambo wolitenga, kulilowetsa kumphasa. Bambo akayenda ndi mkazi wina mwambowo usanachitike, amati wamusempha mwana: amatupa, amafota, kenako amapita. Ndinangoti ndamva, n'kukwera lole.

Ku Mbare, mu Harare, ndinkatsitsa matumba a mbatata ndi kabichi pamsika. Tinkagona anthu asanu m'kachisakasa kamatabwa kuseri kwa nyumba ya munthu. Ndikangotsegula pakamwa ankanditcha Mubhurandaya, kutanthauza wa ku Blantyre, chonsecho ku Blantyre sindinapondeko. Ndalama ikapezeka ndinkatumiza kudzera kwa a Jonasi, dalaivala wa lole ya pafamu pathu. Miyezi yambiri sinkapezeka. Lamlungu ndilo linkandipweteka: anzanga onse kwa abale awo, ine ndili pamwala kuyang'ana mabasi. Panali mayi wina wogulitsa tomato. Sindinamizira mowa. Ndinali ndekha, iyenso anali yekha, basi.

Patatha chaka a Jonasi anandipatsa kalata ya Rozina yolembedwa ndi pensulo papepala la shuga. "Bambo a Feliya, mwana watupa mapazi ndi nkhope. Tsitsi lafiira. Sakusekanso. Amayi akuti mukudziwa chimene mwachita. Bwerani mudzaulule."

Ine amene ndinkaseka zikhulupiriro za akuluakulu ndinakhala pansi pakati pa msika. Masabata awiri sindinapite. Ndikaona lole yofanana ndi yathu ndinkabisala kuseri kwa matumba, kuopa kuti yabweretsa uthenga wa maliro. Ndikatseka maso ndinkaona kabokosi kokhomedwa ndi matabwa a m'shedi ya fodya, komboni yonse ya pafamu ikundiloza chala. A Jonasi anandipeza komweko ndikubisala.

"Iwe mphwanga, ukudikira kuti ndidzakuuze tsiku loika? Kwera."

Ndinamupeza Feliya atamukhazika pathumba, pakhomo. Masaya ngati wanenepa, koma timanja ngati timitengo. Ndinadina phazi lake ndi chala chachikulu, nditachotsa panatsala kadzenje. Ndinadikira kuti kabwerere, osabwerera. Mwanayo sanalire n'komwe, anangondiyang'ana ngati nkhalamba yotopa.

Apongozi anali atakonza kale mizu, ankhoswe atakhala pamphasa kudikira kuti ndiulule. Ine ndinafunsa china.

"Kusikelo anati chiyani?"

Galimoto ya chipatala inkabwera pafamu kamodzi pamwezi, anamwino n'kupachika sikelo pamtengo pafupi ndi shedi yosankhira fodya. Rozina analowa m'nyumba, n'kutuluka ndi khadi la mwana lomwe ankasunga m'chitini. Fomu 2 yanga inagwira ntchito tsiku limenelo. Mzere unkakwera bwino mpaka miyezi isanu ndi inayi, kenako unagona, kenako unayamba kutsika. Kupitirira pamenepo panalibe kadontho ngakhale kamodzi, miyezi isanu yathunthu.

"Amake Feliya, ichi n'chiyani?"

"Ukapita kusikelo folomani sakulembera tikiti ya malipiro a tsikulo," anatero Rozina, maso ali pansi. "Inu kuli zii, ndiye ndinamuletsa kuyamwa kuti ndibwerere kushedi. Ankatsala ndi amayi, akudya phala. Nsinjiro zikanachokera kuti, mtedza utapserera m'munda? Atayamba kutupa, amayi anati mwana wa tsempho akabayidwa jakisoni amafera pompo. Galimoto ikabwera tinkamutsekera m'nyumba."

"Tinkamuteteza," anatero apongozi. "Wolakwa akudziwika."

Ndinaimirira. "Chabwino. Ndinagona naye mkaziyo, kangapo konse. Mwamva nonse? Tsopano ndipatseni mwana."

Rozina sanandiyang'ane kumaso, koma anatenga nsalu n'kumubereka Feliya. Apongozi anatitsatira mpaka pamsewu akukuwa kuti ndikukamupha kawiri. Ndinene zoona, m'basi monse ndinkaganiza kuti mwina akunena zoona.

Kuchipatala cha mishoni namwino anadina phazi lija, anayang'ana khadi, kenako anandiyang'ana ine. "Baba vemwana, maivepi?" Kundifunsa kuti ndinali kuti. Anati ndi matenda a kusowa zakudya zomanga thupi, ndipo tikanachedwa pang'ono tikanabwera ndi mtembo. Atatulutsa jakisoni, Rozina anandigwira malaya mwamphamvu mpaka batani linaduka. Singano inalowa. Feliya analira kamawu kochepa, ine ndikuyang'ana pachifuwa pake ngati pakukwera ndi kutsika. Pankakwera.

Ankamupatsa mkaka wa m'kapu pang'onopang'ono. Tsiku lachinayi anamukweza pasikelo, muvi unaloza pansi kuposa tsiku limene tinafika. Ndinathamangira namwino uja n'kumuuza kuti mankhwala awo akumumaliza mwana.

"Khalani pansi, bambo," anatero akuseka. "Ndi madzi akuchoka amenewo. Mumayesa kunali kunenepa kuja?"

Sabata lachitatu Feliya analanda kapu m'manja mwa amake n'kudzimwera yekha.

Lero ali ndi zaka zisanu ndi chimodzi, wamfupi kuposa anzake onse. Ine ndili pafamu pomwe paja, kuthyola fodya yemwe ndinamuthawa. Tili ndi mwana wina, Yohane, ndipo kusikelo ndimamunyamula ndine, tikiti ilembedwe isalembedwe. Pamzere wonse mwamuna ndimakhala ndekha. Azimayi saleka kundiseka: "Bambo a Feliya, kakabudula ka pasikelo kakukwanani? Tikukwezeni inunso!" Ndimangowayang'ana. Ena mwa iwo ana awo ali kumanda, kuseri kwa damu.

M'komboni mpaka pano amati Feliya anachira chifukwa ndinaulula. Apongozi amanena zimenezi ine ndili pomwepo. Rozina sanandiuzepo chimene amakhulupirira, ndipo za mkazi wa tomato uja sanandikhululukire zonse. Sindimudandaula. Chimene chimandiwawa n'chakuti nkhani ya ku Mbare komboni yonse inaidziwa a Jonasi asanazimitse injini, koma khadi linagona m'chitini miyezi isanu popanda wolitsegula. Nanenso ndinabisala kuseri kwa matumba masabata awiri, kuopa manyazi anga, mwana akutha.

M'mawa uliwonse ndisanapite kumunda ndimagwada pamphasa pomwe wagona Yohane, n'kudina phazi lake ndi chala. Sindichoka mpaka mnofu utabwerera.