Zitini Zitatu za a Kapinga

Pa bwalo la kiriketi ndi tenisi amawatchula a Kapinga, dzina la udzu umene ausamala kwa zaka makumi awiri. Sakhulupirira munthu. Wosewera akafika, amayamba ayang'ana kunsi kwa nsapato zake, moni pambuyo.

Chaka chilichonse kuzizira kukatha, amapala udzu wakufa, kuboola nthaka ndi foloko, n'kuwaza dothi latsopano pamwamba mvula isanagwe. Koma dothi lachilendo saliwaza msanga. Amalitapira m'zitini zitatu, kulithirira, n'kudikira masabata awiri kuti aone chimene chimere.

Chaka chino dothi linabwera pa lole ya mchimwene wa mkazi wawo.

"La kudambo lenileni ili, alamu," anatero mwini loleyo. "Mukulinunkhiza bwanji ngati ndiwo zogona?"

"Dambo lake liti?"

"Aaa, dambo ndi dambo. Inu mukanakhala apolisi, bwenzi tonse tili m'ndende."

Mitambo inayamba kusonkhana. Bwana wa bwalo ankabwera m'mawa uliwonse kudzaloza mulu wa dothi lija.

"Masewera oyamba ayandikira, madala. Wazani. Wabweretsa si m'bale wanu yemwe?"

A Kapinga ankangothirira zitini zawo. Masabata awiri anatha, osamera kanthu, ngakhale chisoso chimodzi.

"Mwaona? Lopanda tchire!" anasangalala bwana.

A Kapinga anapukusa mutu. Dothi lamoyo silikhala chete chonchi likalawa madzi. Anazula kapinga m'mphepete mwa bwalo n'kubzala m'chitini chimodzi. Tsiku lachisanu anali wachikasu. Lachisanu ndi chitatu anali atauma.

Ananyamula chitinicho n'kukachiika pamaso pa mlamu wawo. Mlamuyo anakanda m'mutu.

"Kudambo kunali kutali, alamu. Ndinakumba kuseri kwa fakitale, kuja amapopera mankhwala ophera udzu. Ndimati dothi ndi dothi."

"Mawa mudzachotse. Ndi fumbi lomwe."

Lole itangotuluka ndi mulu wake, mvula yoyamba inagwa, ndipo nthawi yowaza inapita. Bwalo linatsala ndi timaenje take. Mpira unkadumpha mokhota, osewera ankadandaula, bwana anasiya kuwapatsa moni. Kunyumba, mkazi wawo anawayankha ndi mapewa sabata yathunthu.

Koma udzu unaphuka wonse, kuyambira pachipata mpaka kumpanda. A Kapinga anagwada pakati pa bwalo, n'kuyamba kuupatula ndi zala, kufunafuna pamene lole ija inadonthetsa dothi lakupha lija.