Gudumu la Wilibala ya Achemwali

Alamu anga, amuna a achemwali, pafamu ponse amadziwika kuti a Kamvuluvulu. Munthu uja sakhala pansi. Tiyi amamwa chiimire. Nkhani amaiyambira pakhonde n'kukaimalizira kuseri kwa nyumba, nde ngati ukufuna mathero uziwatsatira. Ine ndikamawatsanzira ndimangotsomeka sipanala m'thumba lakumbuyo n'kumayenda ndikugwedeza chitseko chilichonse kuti ndione ngati chalimba. Achemwali amaseka mpaka misozi, kenako amati, "Iwe usiye, ndi bambo a ana anga amenewo."

Ntchito yawo ndi thirakitala, anaiyamba asanakwatire. Kumbuyo amakoka reki, chichitsulo cha mano ambirimbiri opindika, chosalazira msewu wa miyala wochokera pageti kukafika kunyumba yosungira katundu, kumene ine ndimanyamula matumba a chakudya cha nkhuku. Malole akaukumba msewuwo, alamu amaubwezera mwakale. Koma reki ilibe nzeru. Thirakitala ikakwera kachulu, reki imajoba pansi. Ikatsetsereka, mano ali m'mwamba. Nde zaka zonsezi alamu ankayendetsa nkhope ili kumbuyo ngati munthu wothawa galu, dzanja pa liva, kukweza, kutsitsa, kukweza.

Khosi linatopa. Tsiku lina anadzuka lili gwa. Adokotala anawaveka chisiponji m'khosi n'kuwaletsa zocheukacheuka. Ukawaitana ankatembenuka thupi lonse ngati anthu akusuntha kabati. Anapitiriza kuyendetsa, koma mongoganizira, ndipo msewu unayamba kuoneka ngati malata.

A kapitawo anabwera ku galaja. Iwowo amayankhulira m'mphuno, manja kumbuyo.

"Bambo, mazira akusweka m'malole. Ine sindikukuthamangitsani. Koma sabata ya mawa msewu ukakhala chonchi, mupita pageti. Pali mpando wabwino, wotsamira."

"Mpando," alamu anatero, ngati awauza za maliro.

Madzulo ake sanadye. Anazungulira nyumba, kugwedeza zenera, kutsegula mpopi, kutseka. Atafika pa wilibala ya achemwali, yomwe amatengera ndowa zamadzi, anaima. Aka kanali koyamba kuwaona ataima malo amodzi.

"Bambo a ana, mukuiyang'aniranji chonchi wilibala yanga?"

"Ndingobwereka gudumu."

"Munabwerekanso waya wa ayironi. Uli kuti?"

"Ukugwira ntchito."

Maganizo awo anali akuti reki ikhale ndi mwendo wakewake. Gudumu liziyenda pansi litainyamula pa msinkhu umodzi, iwo asiye liva, aziyang'ana kutsogolo ngati anthu ena onse. Anadula paipi, anabowola mabowo motsatizana kuti bawuti izilowa pamene akufuna, kukweza kapena kutsitsa gudumu. Kuwotcherera kwa munthu wa khosi louma nkoseketsa: ankagwada, kuimirira, kugona chammbali, mpaka chitsulo chikhale pamene pali maso awo. Gudumulo analimangirira kutsogolo kwa mano.

"Bwanji kutsogolo, alamu?"

"Unaonapo wilibala ya gudumu kumbuyo iwe? Gudumu limatsogola."

Ine ndinati chabwino, eni thirakitala anena.

Loweruka tinakayesa. Anapita mpaka pageti n'kubwerera, n'kutsika kuti aone. Malata aja anali pompo, mwina kuposa kale. Anatsitsa bawuti bowo limodzi. Chimodzimodzi. Anakweza. Chimodzimodzi. Anamenya tayala la thirakitala ndi chipewa.

"Chikuchitika kumbuyoku sindikuchiona. Ndikanangoona." Kenako anatembenuka ndi thupi lonse lija n'kundiyang'ana. "Mlamu, iwe umatsanzira a kapitawo, umatsanzira ine, umatsanzira mpaka tambala wachimfine. Tsanzira reki."

"Reki?"

"Uziyenda chafutambuyo m'mbali mwa msewu, patsogolo panga. Maso pa reki. Chimene ikuchita, uchite."

Nde ndinatambasula mikono, zala kuloza pansi ngati mano, n'kumabwerera chafutambuyo. Reki ikakwera ndinkanyang'ama, ikajoba ndinkanjuta. Amayi osankha mazira anatuluka m'shedi mwawo. Wina anati, "Mwana wa eniake wayamba liti matenda amenewa?" Wina anayamba kundiombera m'manja kuti ndisataye sitepe. Ine ndinawonjezera ndi chiuno pang'ono, poti anthu abwera.

"Chiuno chotsa," alamu anakuwa. "Reki ilibe chiuno."

Tinapitirira. Iwo maso ali pa ine, thirakitala ikuyenda pang'onopang'ono. Mwadzidzidzi anaponda buleki.

"Ukunyang'ama nthawi iti?"

"Gudumu likakwera kachulu."

"Kachulu kake kati? Ndikusalaza ine."

"Simunasalaze, alamu. Gudumu likufika poyamba, mano akubwera pambuyo."

Alamu anati, "Nde likuponda msewu woipa n'kumauza reki kuti ikopere." Sanadikire ndiyankhe, anali atakhota kale kulowera ku galaja, ine ndikuthamanga pambuyo.

Anadula zonse anawotcherera zija n'kulisamutsira kumbuyo kwa mano, kuti liziponda pamene pasalazidwa kale. Titayesa, msewu unayamba kugona. Koma pokhota gudumu linakana kukhota nawo, linakwekwereka chammbali likulira kwiii mpaka tayala kuvuka. Tinabwereranso. Lamulungu lonse alamu anali ku galaja, kulowetsa paipi yaing'ono m'kati mwa yaikulu, kupaka girizi, kuti gudumu lizitembenuka lokha. Achemwali anawatumizira chakudya, chinabwerako chosavundukula.

Lolemba a kapitawo anaima pakati pa msewu, manja kumbuyo. Alamu anatsitsa reki, anachotsa dzanja pa liva, n'kuyamba. Dzanja lija linasowa kopita. Linagwira chiwongolero, linakanda bondo, linakonza chipewa, linapita pa liva n'kubwerera lokha ngati lapsa. Ine ndili pakhomo la nyumba yosungira katundu ndi thumba paphewa. Kumbuyo kwawo miyala inkagona see, kagudumu kakutsatira mwaulemu.

A kapitawo anakwera galimoto yawo, anapita pageti, anabwerera. Anatsika n'kukagwada kumbuyo kwa reki, kuligwedeza gudumu.

"Ichi mwagula kuti?"

"Chapakhomo."

"Chikhala?"

"Chikavuka ndiwotchereranso."

A kapitawo anapukuta manja pa buluku. "Pageti tipeza wina. Msewu wa kumakola nawonso wakumbika, mukatha uno mupite kumeneko. Komanso ndimafuna ndinene kuti..."

Alamu anali ataponya kale giya. Pondidutsa anachepetsa liwiro, akuloza kutsogolo ndi dzanja losowa ntchito lija.

"Mlamu, denga la shedi ya mazira linapindika liti chonchi?"

"Kalekale, alamu. Ndinalipeza choncho."

"Palibe anandiuza? Ukaweruka upeze makwerero."