Bambo Rodgers Nsofwa, Wa Mafilimu ku Kanyama

Bambo Rodgers Nsofwa anabadwira ku Kasama mu 1951, ndipo anabwera ku Lusaka ali mwana. Anakulira pa guwa akutumikira Misa. Atakula anagwira ntchito yoonetsa mafilimu m'tauni, ndipo ntchito itatha anamanga kanyumba ka malata m'komboni yathu ino ya Kanyama, momwe achinyamata ankaonera mafilimu a anthu ouluka opulumutsa dziko. Lamlungu lililonse, kwa zaka makumi awiri, ankanyamula Ukaristia kupita nawo kwa odwala. Ntchito imeneyi ankaikonda kuposa china chilichonse.

Anali ndi chizolowezi chokwiyitsa. Filimu ikafika pokoma, ankaiimitsa n'kufunsa kuti, "Manje uyu, chamene chamulimbisa ni chovala olo ni mutima?" Achinyamata ankakuwa kuti apitirize, iwo n'kumangoseka.

Mu 2015 mphekesera inabuka yakuti mafilimuwo ndi a satana. Bungwe la parishi linakhala pansi, ndipo linawaletsa kugwiranso Ukaristia. Kalata yake ndinalemba ndine, Oliver Sampa, mlembi wa bungwe, ndipo ndinkadziona ngati ndateteza Mpingo. Iwo anaiwerenga kawiri, n'kungoti, "Zikomo, ba secretary." Sanajombe Misa ngakhale kamodzi, koma anasamukira ku benchi ya kumbuyo.

Mu Januwale 2018 kolera inalowa m'komboni. Mkazi wanga Luse anayamba kutsegula m'mimba m'mawa, pofika masana maso anali atalowa. A taxi anakana. Aneba amene ndinkapemphera nawo kolona anatseka zitseko, ndipo mpaka lero sindimvetsa. Ineyo, mwamuna wake, ndinaima pakhomo ndikuopa kumugwira.

Ndiye ndinaona wilibala ikubwera m'matope, akuikankha nkhalamba ya zaka 67, manja atakulunga m'mapulasitiki a buledi.

"Ba Rodgers, muzadwala!" ndinatero.

"Niziba. Baja ba mu filimu sibadwala, ndiye chifukwa sibayopa. Ine niyopa maningi. Gwirani ku mendo."

Tinamufikitsa ku chipatala, ndipo Luse anachira. Pambuyo pake tinamva kuti mwezi umenewo Bambo Nsofwa ananyamula anthu khumi ndi anayi. Wa khumi ndi chisanu kukwera wilibala ija anali iwo eni. Anapulumuka, koma impso zinawonongeka, ndipo sanakhalenso bwino.

Apa ndiye pondichititsa manyazi. Ndinawathokoza, ndinawapititsira shuga ndi sopo, koma za kalata ija sindinazitchule. Tonse m'bungwe tinkati tidzakonza pa msonkhano wotsatira. Iwo sanapemphe, ifenso tinapezerapo mwayi woiwala. Zaka zisanu ndi chimodzi zinapita chonchi.

Chaka chatha, pa msonkhano wa Loweruka loyamba la Ogasiti, tinagwirizana zowabwezera udindo wawo. Ndinalemba kalata yatsopano, ndipo Lamlungu titaweruka Misa ndinathamanga nayo kwawo. Mwana wawo Monalisa anandilandira pakhomo, maso ali ofiira.

"Mwachedwa, ba Sampa. Batisiya kuseni, lelo m'mawa. Benze bagona chabe, kolona ku manja."

Ndinakhala pansi pomwepo. Monalisa anati masiku awo omaliza ankatchula mayina a odwala amene ankawayendera kale, n'kumafunsa ngati alipo amene akuwapititsira Ambuye.

Analipo atatu amene palibe ankawayendera. Tsopano ndimapitako ndine. Mzimu wa Bambo Nsofwa uuse mu mtendere, ndipo atikhululukire.