Samusa Zodinda Foloko

Ku Biwi kuno, zaka zimenezo ukafunsa za samusa ankakulozera khomo la Amayi Salama. Ine ndakhala nawo mpanda umodzi zaka khumi ndi ziwiri, ndiye ndikamanena za iwo sindinena zakumva. Anali mayi wamfupi, wosalankhulalankhula, wobadwira ku Mangochi, manja ali zipserazipsera za mafuta otentha. Kaya ndi Khrisimasi, Idi kapena chinkhoswe, anthu ankaoda kwa iwo samusa, zigege ndi timandasi tating'ono tongoponya m'kamwa kamodzi. Ankati zimenezi n'zosavuta, bola moto wa pambaula usakhale waukali. Ine ndinayesapo kawiri, zanga zinkangophulika m'chiwaya.

Samusa zawo zinali za tsabola wa kambuzi, wotulutsa thukuta uja. Koma amuna awo, a Mwamadi, telala wa mumsika, anali ndi zilonda za m'mimba, tsabola sankamuyandikira. Mwana wawo mmodzi yekhayo, Hafsah, naye akangolawa tsabola milomo inkatupa. Tsono pophika za pabanja Amayi Salama ankapatula zisanu zopanda tsabola, n'kuzidinda pangodya ndi mano a foloko kuti zidziwike m'beseni. Chinali chikondi chimenecho, ndipo ndicho chinawapachika.

A Mwamadi anamwalira mu Novembala 2005, patangopita masiku anayi chichitikire Idi. Anali atadwaladwala chaka chonse, tonse tinkawaona akutha ngati sopo, koma matendawo panalibe wofuna kuwatchula dzina. Kuloza munthu chala n'kosavuta. Mlongo wawo wa ku Chilinde, a Aliya, ndiye anayambitsa nkhani pamaliro pomwepo: bwanji mchimwene wanga ankadya samusa zakezake zokhala ndi chizindikiro? Sanakweze mawu, anangofunsa. Funsolo linazungulira Biwi yense mpaka ku Kawale, ndipo ooda samusa anayamba kuchepa. Maliro atatha, a Aliya anatenga Hafsah, wa zaka khumi ndi zitatu, kukakhala naye ku Chilinde, ati kufupi ndi sukulu. Ngati kuti ku Biwi kulibe sukulu. Mpaka lero zimandipsetsa mtima.

Chaka chinatha mwana osabwera ngakhale kudzacheza. Amayi Salama akamutumizira chakudya, mbale inkabwerera yotsuka bwinobwino, koma tinkamva kuti chakudyacho chimathera kudzala.

Idi ya 2006 inagwa mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo. Kunabwera uthenga woti banja lonse likumana kwa a Aliya masana, ndipo a Adamu, mkulu wa banjalo, akagamula ngati mwanayo abwerere kwa mayi ake. Amayi Salama anakazinga kuyambira m'mawa osalankhula ndi munthu. Ndinawapeza atayala nyuzipepala m'beseni, samusa zitadzaza, ndipo pamwamba penipeni panali zisanu zodinda foloko.

"Anzanga, zodindazi zisiyeni," ndinawauza.

"Nanga Hafsah akadya chiyani?" anandifunsa, n'kuvundikira beseni ndi nsalu.

Ndinawaperekeza, poti mtima sunandilole kukhala. Mu minibasi fungo la samusa linadzaza ponseponse, kondakitala n'kumacheza kuti masteni tilaweko, koma iwo sanamwetulire n'komwe. Anangogwira beseni lija pamiyendo ndi manja onse awiri.

Ku Chilinde tinapeza anthu ali pamikeka pansi pa mtengo wa mango. Mpunga unali usanapse, ndiye ankatolatola mtedza wokazinga ndi zitumbuwa. Titangolowa kumpanda macheza onse anazilala. Hafsah anali atatalika, atavala diresi latsopano lobiriwira. Anabwera kudzagwada, n'kupereka moni kwa mayi ake ngati akulonjera mlendo wodutsa.

Amayi Salama anavundukula beseni pakati pa mkeka. Mwambo wake, wobweretsa chakudya amayamba walawa yekha anthu akuona, timati kuchotsa ufiti. Anatenga imodzi, anadya yonse. Panalibe anatambasula dzanja.

"Mwadya yosadinda, alamu," anatero a Aliya mofatsa. "Zodindazo n'za ndani chaka chino?"

"N'za mwana wanga. Sadya tsabola, mukudziwa."

Amayi Salama anatenga imodzi yodinda, nayonso anadya. Zinatsala zinayi.

"Wophika amadziwa yotola," anatero a Aliya, maso ali kumbali.

A Adamu anakhosomola, nakonza chipewa chawo choyera. "Mwanayu ndi wamkulu tsopano. Hafsah, mayi ako akubweretsera zakudya. Tenga wekha."

Hafsah anakhwekhwerezeka mpaka pabeseni. Dzanja lake linaima pamwamba pa zodinda zija. Ine m'mtima ndinkapemphera kuti tenga mwanawe, wakulira zomwezi. Hafsah anacheukira azakhali ake. Kenaka dzanja lija linalambalala zinayi zonse, n'kutola ya tsabola ya m'mbali. Analuma. Misozi inali mbwembwembwe, milomo inayamba kutupa tikuona, koma anatafuna mpaka kumaliza, mayi ake osawayang'ana.

A Adamu sanagamulenso kanthu, panalibenso chogamula. Amayi Salama anatola zinayi zija, anakakhala kumphepete kwa mkeka, n'kuzidya imodziimodzi, pang'onopang'ono, aliyense akuona. Atamaliza anapukuta manja pachitenje, anatsanzika aliyense mwaulemu, ndipo tinanyamuka mpunga usanatuluke. Sanadwale ngakhale mutu, koma palibe anabwera kudzafunsa.

Samusa akukazingabe mpaka pano, ndipo amene sadziwa nkhaniyi amagula pamsewu. Zonse n'za tsabola. Foloko ija ili m'kabati mwanga, anandipatsa tsiku lomwelo titangofika, ati kwawo ilibenso ntchito.